Masapota a United, mukumudziwa Duncan Edwards?

Kusapota Manchester United masiku ano kukufuna mtima wa mwala. Ine ndine wa United, sindibisa, ndipo amene timaonera limodzi mpira m'mavidiyo sho a m'tauni muno akudziwa kuti ife ndi amene tikumatuluka mwakachetechete gemu isanathe. Sizoni ya 2024/25 tinathera pa nambala 15 ndi mapointi 42 okha, kutsika kumene sitinakuonepo chigwereni timuyi mu ligi yachiwiri mu 1974. Fainolo ya Europa League imene timadalira kuti itipukuta misozi, Tottenham inatilanda ku Bilbao ndi chigoli chimodzi kwa duu. Pamene timati mwina zisintha, mu Ogasiti 2025 Grimsby Town, katimu ka mu ligi yachinayi, kanatitulutsa mu League Cup pa mapenate. Ligi tinaitenga komaliza mu 2013. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho pano wayamba kale kutiseka pa Facebook.

M'magulu a WhatsApp mkangano ndi womwewomwewo. Wina akuti vuto ndi kochi, wina akuti ndi banja la Glazer, wina akuti osewera akungodya ndalama. Lero ndikufuna tiike kaye phokosoli pambali, ndikuuzeni za munthu mmodzi. Pa 6 Febuluwale paliponse ambiri a inu mumaika chithunzi cha wotchi ya Munich pa sitetasi, koma ndikafunsa kuti anafa pa ngoziyo ndi ndani, mumangoti kukamwa yasa. Mmodzi mwa iwo ndi Duncan Edwards. Anamwalira ali ndi zaka 21 basi, koma mpaka lero ku England akamakamba za osewera abwino koposa amene dzikolo linabalapo, dzina lake silisowa.

Duncan anabadwa pa 1 Okutobala 1936 ku Dudley, tauni ya mafakitale pafupi ndi Birmingham ndi Wolverhampton. Banja lake linali la anthu wamba. Anali ndi mchemwali mmodzi, yemwe anamwalira ali khanda mu 1947, choncho Duncan anakula ngati mwana yekhayo m'nyumbamo. Kusukulu sanali wa mpira wokha ayi. Mnyamatayu ankavinanso magule achikhalidwe cha kwawo, ndipo ankawatha moti anasankhidwa kukavina pa mpikisano wa dziko lonse. Tsoka ilo tsiku la mpikisanowo linagundana ndi tsiku lokayesedwa mu timu ya ana asukulu ya England. Anasankha mpira. Mu Epulo 1950, ali ndi zaka 13, anasewera pa Wembley ndi timu ya ana asukulu ya England polimbana ndi Wales, ndipo pambuyo pake anadzakhala kaputeni wa timuyo.

Matimu akuluakulu anayamba kumulondola. Wolverhampton Wanderers inali pakhomo pomwepo, ndipo nthawi imeneyo inali timu yoopsa ku England. Koma Duncan anasankha kupita ku Manchester kwa Matt Busby, ndipo anasaina mu Juni 1952 asanakwanitse zaka 16. Chinthu chimodzi chimene ndimachikonda pa mbiri yake ndi ichi: atafika ku Manchester anayambanso kuphunzira ukalipentala, kuti mpira ukakanika asadzasowe pogwira. Ganizani, munthu amene matimu onse akumulimbirana, koma masana akugwira sowo ndi puleni.

Kuti mumvetse Duncan muyenera kumvetsa zimene Busby ankachita. Busby anatenga United mu 1945, nkhondo yachiwiri itangotha. Bwalo la Old Trafford linali litaphulitsidwa ndi mabomba, moti timuyi inkabwereka bwalo la Manchester City la Maine Road. Mu 1952 anatenga ligi ndi timu ya osewera amene anali atayamba kukalamba. Apa mpamene iye ndi womuthandiza wake Jimmy Murphy anatsimikiza kuti m'malo mothamangira kumsika, adzilera okha ana. Anatumiza anthu m'masukulu ndi m'matauni ang'onoang'ono kukasaka anyamata, kuwapezera nyumba zokhala, ndi kuwaphunzitsa mpira wa mtundu umodzi kuyambira pansi. Chikho cha achinyamata cha FA Youth Cup chitayamba mu sizoni ya 1952/53, United inachitenga zaka 5 zotsatizana. Anyamata amenewa ndi amene atolankhani anawatcha Busby Babes, kunena kuti makanda a Busby.

Duncan ndiye anali patsogolo pa makandawo. Pa 4 Epulo 1953 anasewera gemu yake yoyamba mu timu yaikulu polimbana ndi Cardiff City, ali ndi zaka 16 ndi masiku 185. United inagonja 4 kwa 1 pakhomo. Masiku ano mwana wa zaka 16 atayamba ndi chikwapu chotero, pofika usiku akhala atasanduka nthabwala pa intaneti. Busby sanamubise. Sizoni yotsatira Duncan anali atalanda malo m'timu yaikulu, uku akusewerabe ndi anzake mu timu ya achinyamata. Zinafika poti matimu ena anayamba kudandaula kuti si chilungamo kubweretsa munthu wosewera kale timu ya dziko ku chikho cha ana.

Ankasewera pati? Nambala yake inali 6, pakati chakumanzere, malo amene masiku ano tingati wosewera pakati wotchinga. Koma mukamva choncho musaganize za munthu wongodula mipira n'kupatsira pafupi. Duncan anali ndi thupi la munthu wamkulu akadali mwana, chifuwa chotakata, ntchafu ngati mitengo. Ankamenya mpira ndi miyendo yonse iwiri mofanana. Ankalanda mpira, kuthamanga nawo, kuponya pasi yaitali, kudumpha mitu, ndi kuwomba kuchokera patali. Timu ikavulalitsa wotchinga kumbuyo, Duncan ankabwerera kumbuyo. Ikafuna chigoli, ankamukankhira kutsogolo n'kukasewera ngati sitiraika. Pa gemu imodzi yomweyo ankatha kuyamba malo ena n'kumalizira ena. Bobby Charlton, munthu amene anatenga World Cup, European Cup ndi Ballon d'Or, anakhala akunena moyo wake wonse kuti wosewera yekhayo amene ankamuchititsa kudziona wochepa anali Duncan. Charlton anasewerapo ndi George Best, analimbanapo ndi Pelé, Eusébio ndi Beckenbauer. Ndiye mawu amenewo musawatenge mopepuka.

Pa 2 Epulo 1955 anavala jezi ya timu yaikulu ya England koyamba, ali ndi zaka 18 ndi masiku 183. England inathidzimula Scotland 7 kwa 2 pa Wembley. Chitheretu nkhondo yachiwiri panalibe wosewera wamng'ono chotero amene anaseweredwapo ndi England, ndipo mbiriyi inakhala osaswedwa mpaka Michael Owen mu 1998. Mu Meyi 1956 England inapita ku Berlin kukakumana ndi West Germany, amene anali akatswiri a dziko lonse atatenga World Cup ya 1954. Duncan, wa zaka 19, analanda mpira, kudutsa osewera angapo, n'kuwomba chipolopolo kuchokera kunja kwa bokosi. England inapambana 3 kwa 1. Anthu a ku Germany anamupatsa dzina loti Boom Boom chifukwa cha kulemera kwa mwendo wake.

Zonsezi ankachita ali msilikali. Nthawi imeneyo ku Britain mnyamata aliyense ankayenera kugwira ntchito ya usilikali zaka 2, ndipo kutchuka sikunkapulumutsa munthu. Duncan anali ku kampu ya Nesscliffe pafupi ndi Shrewsbury, komwe anakhalako limodzi ndi Charlton. Ankamupatsa chilolezo chokasewera United kumapeto a sabata, kenaka kubwerera kukampu, kukaseweranso timu ya asilikali, kuphatikiza England. Sizoni ina magemu ake onse pamodzi anayandikira 100. Inu amene mumadandaula kuti wosewera wanu watopa chifukwa wasewera Lachinayi ndi Lamulungu, mwamva?

Ndalama zake zinali zotani? Nthawi imeneyo ku England kunali lamulo loika malire a malipiro a wosewera mpira, lomwe linadzathetsedwa mu 1961. Ngakhale ukhale katswiri wotani, sunkadutsa malirewo. Duncan ankakhala m'nyumba ya lendi mosungidwa ndi banja lina, ankayenda pa njinga yakapalasa, mowa sankamwa. Mlandu wodziwika umene anapalamulapo ndi wakuti apolisi anamugwira akupalasa njinga usiku yopanda nyali. Analipira chindapusa, ndipo Busby anamudulanso malipiro chifukwa choipitsa dzina la timu. Mlandu wa katswiri wa England ndi umenewo, amwene. Njinga yopanda nyali.

Mu 1955/56 makanda a Busby anatenga ligi ndi kusiyana kwa mapointi 11, pa nthawi imene kupambana gemu kunkapatsa mapointi 2 okha. Zaka za osewerawo mukaziphatikiza n'kugawa zinkabwera pa 22. Sizoni yotsatira anaitenganso. Anangotsala pang'ono kuwonjezera FA Cup ya 1957, koma mu fainolo goloboyi Ray Wood anavulala koyambirira atagundidwa ndi Peter McParland wa Aston Villa. Nthawi imeneyo kunalibe zosintha osewera, choncho wotchinga kumbuyo Jackie Blanchflower ndi amene analowa pagolo, ndipo Villa inapambana 2 kwa 1. Chaka chomwecho Duncan anakhala wachitatu pa mavoti a Ballon d'Or, imene anatenga Alfredo Di Stéfano wa Real Madrid.

Nkhani ya ku Ulaya ndi imene inamutengera ku imfa yake, ndiye tiifotokoze bwino. European Cup, imene lero mukuitcha Champions League, inayamba mu 1955. Akuluakulu oyendetsa ligi ya England sankaifuna, moti Chelsea, imene inali ngwazi chaka chimenecho, anaiuza kuti isapite ndipo inamvera. Busby anakana kumvera. Mu 1956 United inakhala timu yoyamba ya ku England kulowa mpikisanowu. Inaswa Anderlecht ya ku Belgium 10 kwa duu, kuchotsa Borussia Dortmund ndi Athletic Bilbao, n'kukagwa mu semifainolo ndi Real Madrid. Koma poti akuluakulu a ligi sanakondwe, United inkadziwa kuti ikachedwa kubwerera n'kuphonya gemu ya ligi, chilango chikuidikira. Ulendo uliwonse wa ku Ulaya unali wothamanga.

Pa 1 Febuluwale 1958 United inasewera ndi Arsenal pa Highbury ku London. Duncan ndi amene anatsegula zigoli, gemu n'kuthera 5 kwa 4 mokomera United. Palibe ankadziwa kuti anthu a ku England akuwaona anyamatawa komaliza. Pa 5 Febuluwale anafanana mphamvu 3 kwa 3 ndi Red Star ku Belgrade, n'kudutsa kupita mu semifainolo chifukwa gemu yoyamba anali atapambana 2 kwa 1. Loweruka ankayenera kukumana ndi Wolves, imene inali pamwamba pa ligi.

Tsiku lotsatira, pa 6 Febuluwale, ndege imene anachita hayala inatera ku Munich kuti imwe mafuta. Kunkagwa chipale. Oyendetsa anayesa kunyamuka kawiri, kawiri konse n'kuimitsa chifukwa injini imodzi sinkamveka bwino. Anthu anatsika kukadikira, ndipo Duncan anatumiza telegalamu kwa mayi amene ankamusunga ku Manchester yowauza kuti ndege zaimitsidwa, abwera mawa. Posakhalitsa anawaitana kuti akwerenso. Ulendo wachitatu ndegeyo inathamanga, koma chakumapeto kwa msewu wake kunali chipale chosungunuka chimene chinaibweza liwiro. Inalephera kudzuka, inaboola mpanda n'kukagunda nyumba. Chakudza sichiimba ng'oma.

Mundegemo munali anthu 44. Onse amene anafa ndi ngoziyi anakwana 23. Osewera anali 8: kaputeni Roger Byrne, Tommy Taylor, Eddie Colman, Mark Jones, David Pegg, Liam Whelan, Geoff Bent ndi Duncan Edwards. Munafanso mlembi wa timu Walter Crickmer, makochi Tom Curry ndi Bert Whalley, ndi atolankhani 8. Goloboyi Harry Gregg anabwerera m'zidutswa za ndegeyo kukatulutsa anthu, kuphatikizapo mwana wakhanda ndi mayi ake. Jackie Blanchflower ndi Johnny Berry anapulumuka koma sanasewerenso mpira. Woyendetsa ndegeyo, James Thain, anamunamizira kuti sanachotse chipale pa mapiko, ndipo panatenga zaka zoposa 10 kuti dzina lake liyeretsedwe.

Duncan sanafere pomwepo. Anamutengera ku chipatala cha Rechts der Isar atathyoka mwendo malo angapo, nthiti zitathyoka, impso zitawonongeka kwambiri. Madokotala anamulumikiza ku makina ogwira ntchito ya impso, koma mankhwala ndi makinawo zinachititsa kuti magazi ake asamaundane, ndipo anayamba kukha magazi m'kati. Madokotala omwewo ankadabwa kuti munthu wovulala chotero akupumabe bwanji. Jimmy Murphy, amene sanakwere ndegeyo chifukwa anali ku Cardiff ndi timu ya dziko la Wales imene ankaiphunzitsanso, atafika pa bedi pake, Duncan anamufunsa nthawi imene gemu ya Wolves iyambe, kuti asaiphonye. Analimbana masiku 15. Anamwalira m'bandakucha wa pa 21 Febuluwale 1958.

Anamuika m'manda ku Dudley, m'manda amodzi ndi mchemwali wake uja, ndipo anthu zikwizikwi anandanda m'misewu kumuperekeza. Anasiya magemu 177 ndi zigoli 21 ku United, magemu 18 ndi zigoli 5 ku England, zikho ziwiri za ligi. Miyezi ingapo pambuyo pake World Cup inachitika ku Sweden. England inapita yopanda Byrne, Taylor ndi Edwards, ndipo sinafike ndi mu kotafainolo momwe. Dziko linaona mnyamata wa zaka 17 wotchedwa Pelé. Pamene England inkatenga World Cup mu 1966, Duncan akanakhala ndi zaka 29, msinkhu umene wosewera amakhala atapsa bwino. Anthu ambiri a mpira kumeneko amakhulupirira kuti chikho chija akanachinyamula ndi iyeyo ngati kaputeni. Ku Dudley lero kuli chiboliboli chake pamsika, chimene mayi ake ndi Bobby Charlton anachivundukula mu 1999, ndipo m'tchalitchi cha St Francis muli mawindo awiri a magalasi ojambulapo iye atavala jezi ya United ndi ya England.

Ife a kuno ululu wotere si wachilendo. Abale athu a ku Zambia anataya timu yawo ya dziko mu Epulo 1993 ndege itagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, anthu 30 osapulumukapo ndi mmodzi yemwe. Anadzatenga chikho cha Africa mu 2012 mumzinda womwewo. United nayo inadzuka. Patangopita masiku 13 chichitikireni ngozi, Duncan akadali moyo m'chipatala, Murphy anasonkhanitsa ana a mu timu yachiwiri ndi osewera awiri ogula mwachangu, n'kugonjetsa Sheffield Wednesday 3 kwa duu mu FA Cup. Pa pepala la pulogalamu ya gemuyo, malo a maina a osewera a United anangosiyidwa opanda kanthu. Timu yotolatola imeneyo inafika mpaka mu fainolo, komwe inagonja ndi Bolton. Busby, amene ansembe anamupempherera kawiri ngati munthu wotsirizika, anachira n'kuyambiranso. Mu 1968 anatenga European Cup pogonjetsa Benfica 4 kwa 1 pa Wembley, Charlton akumwetsa ziwiri, Bill Foulkes ali kumbuyo. Onse awiriwa anatuluka amoyo mu ndege ya ku Munich.

Tsopano bwererani nane ku timu ya lero. Kuyambira mu 1937 United yakhala ikunyadira kuti pa gemu iliyonse pamakhala mwana woleredwa pakhomo m'gulu la osewera. Mwambo umenewu ndi umene unatipatsa Edwards, Charlton, Best, kenako Giggs, Scholes, Beckham ndi Gary Neville. Tsiku lomaliza limene ine ndinasangalala kuchokera pansi pa mtima linali la fainolo ya FA Cup ya 2024, titagonjetsa City 2 kwa 1. Anamwetsa ndani? Garnacho ndi Kobbie Mainoo, onse odutsira mu timu ya achinyamata, onse a zaka 19. Nanga chinatsatira n'chiyani? Scott McTominay, amene anakulira pa United kuyambira ali kamwana, anagulitsidwa ku Napoli mu 2024, n'kukatenga ligi ya Italy sizoni yomweyo, kusankhidwanso wosewera bwino koposa mu ligi yonse. Rashford anapita pa ngongole ku Aston Villa, kenako ku Barcelona. Garnacho anagulitsidwa ku Chelsea. Pamene ndalama zankhaninkhani zinathiridwa pa Sancho ndi Antony, zotsatira zake mukuzidziwa nokha.

Sindikunena kuti mwana aliyense wa pakhomo ndi Duncan Edwards, kapena kuti onse amene anachoka analibe zolakwa zawo. Mfundo yanga ndi yakuti timu imene inamuika Duncan m'bwalo ali ndi zaka 16, n'kugonja 4 kwa 1, osamutaya, inkadziwa chimene ikumanga. Busby anakhala pa mpando zaka 24. Chichokereni Ferguson mu 2013 makochi angosinthanasinthana, aliyense ndi mpira wake, aliyense ndi osewera ake ogula, ndipo wobwera amayamba ndi kugwetsa zimene mnzake anamanga. Mwana angakule bwanji m'nyumba imene chaka ndi chaka ikusintha bambo?

Ndipo ifenso masapota tili ndi gawo lathu. Timafuna mwana wa zaka 19 akhale katswiri Loweruka lililonse, akalakwitsa kamodzi timamutukwana chifukwa watidulira tikiti ya beti. Khalidwe lomweli timapita nalo pa mabwalo a m'tauni muno. Pitani pa bwalo la sukulu madzulo mukaone ana akuthamangitsa chikulunga opanda nsapato. Pakati pawo pali wina womenya ndi miyendo yonse iwiri. Duncan anaonedwa pa mpira wa sukulu, ali ndi zaka 12, chifukwa panali munthu wamkulu amene anaima m'mbali mwa bwalo n'kumuyang'ana bwinobwino. M'mera mpoyamba. Matimu a m'madera mwathu akusowa mipira, ma jezi, ngakhale munthu wongobwera kudzachemerera, pamene ife tonse tadzazana m'vidiyo sho kulira za timu ya ku Manchester.

Choncho Febuluwale akubwerayu, mukamaika wotchi ija pa sitetasi, lembaniponso maina 8 aja. Pa 21 mukumbukire Duncan payekha. Ndipo inu a Arsenal, Liverpool, City ndi Chelsea amene mwawerenga mpaka pano, tisekeni ndithu za nambala 15, tazolowera. Koma nthabwala za ndege ya ku Munich zimene ena mumaponya m'magulu tikagonja, zisiyeni. Amene anafa mmenemo anali anyamata amsinkhu wanu womwewo.